Khutba ya Lachisanu: Mtengo Wovulala ndi Udindo wa Msilamu

KHUTBA YOYAMBA

Tikumtamanda Allah, Mwini mphepo ndi mvula, Amene amameretsa njere m'dothi ndi kukweza madzi kuchokera kumizu kufikira kutsamba lakunsonga popanda chingwe kapena mjigo. Tikupempha chithandizo Chake ndi chikhululuko Chake. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsata mwaubwino kufikira tsiku la Qiyama.

Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pa zazikulu ndi pa zimene maso athu amaziyesa zazing'ono.

Dziko lathu la Mozambique lawadziwa anamondwe ndi mayina awo. Mu Malichi 2019 Idai adagwetsa mzinda wa Beira, ndipo mwezi wotsatira Kenneth adakantha Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 madzi a Ana adathyola mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete. Mu 2023 Freddy adalowa m'dziko muno kawiri, ulendo wachiwiri kudzera ku Quelimane, nakhuthula mvula yake ku Zambézia konse mpaka kwa abale athu a ku Malawi. Mu Disembala 2024 Chido adafikira pafupi ndi Pemba. Ndipo kupatula awa otchuka, chaka chilichonse mkuntho wopanda dzina umadutsa m'midzi ndi m'mabayiro athu.

Mphepo ikaleka, timayamba taika maliro athu, kenaka timawerenga madenga ndi minda. Zonsezi zikatha, munthu amatembenuka naona mtengo wa mango wa pabwalo pake: nthambi yaikulu yathyoka nilendewera, khungwa lasendeka, ndipo pabalapo pakutsika utomoni. Funso la lero ndi ili: kodi Msilamu ali ndi udindo wanji pa cholengedwa chovulala, chimene lero sichikumupatsa mthunzi kapena chipatso, ndipo mwina sichimupatsa chaka chamawa?

Wina anganene kuti nkhani ya mtengo njochepa, siyoyenera mimbari. Koma mimbari yoyamba m'Chisilamu ili ndi nkhani ya mtengo. Imam Bukhari adalandira kuchokera kwa Jabir ibn Abdillah (R.A.) kuti Mtumiki (S.A.W.) ankachita khutba atatsamira thunthu la kanjedza mumzikiti wa ku Madina. Atamupangira mimbari nakwerapo, thunthu lija lidamveka likulira, anthu onse akumva. Mtumiki adatsika, nalikumbatira mpaka lidatonthola monga atontholera mwana. Lingalirani, abale anga: thunthulo lidali lodulidwa kale, ntchito yake idali itatha, cholowa m'malo mwake chidali chitapezeka. Komabe wolemekezeka kuposa zolengedwa zonse adatsika pamimbari chifukwa cha ilo. Ndipo Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Hajj ndime 18, ikuitchula mitengo pamodzi ndi dzuwa, mwezi, nyenyezi ndi mapiri, m'gulu la zimene zimamugwadira Allah. Choncho chimene chaima chovulala pabwalo panu ndi chopembedza chinzanu.

Tiyambe tadziwa chimene tikuchiona. Madzi amakwera kuchokera kumizu kudzera m'thunthu, ndipo chakudya chimene masamba apanga ndi kuwala kwa dzuwa chimatsika kudzera m'kati mwa khungwa kukadyetsa mizu. N'chifukwa chake mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umafa, ngakhale nkhwangwa isanalowe m'kati. Mtengo ukavulala, umatulutsa utomoni pabalapo. Wa mbibu, umene ambiri timautchula kaju, umauma ngati ulimbo wonyezimira. Wa mlombwa, umene amalonda a matabwa amati umbila, ngofiira ngati magazi, kotero kuti woona koyamba amadzidzimuka. Utomoni umenewo ndiwo chida chimene Allah adaupatsa mtengo kuti utseke bala ndi kutchinga tizilombo. Mtengo wouma sutuluka utomoni. Umene ukutuluka utomoni uli moyo, ndipo ukudzimenyera nkhondo.

Dziwaninso kuti mtengo supola monga lipolera thupi la munthu. Pamene pawonongeka sipabwerera mwakale. Chimene umachita ndi kumanga malire m'kati mwake kuti kuola kusapitirire, kenaka kuchokera m'mphepete mwa bala umameretsa mlomo wa khungwa latsopano, pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mpaka balalo litakwiririka. Amisiri a matabwa amadziwa: pocheka thunthu lakale amapeza m'kati chipsera cha mkuntho umene anthu adauiwala, ndipo pamwamba pake pali matabwa abwino a zaka zambiri.

Pamaso pa mtengo wotere anthu timagawikana patatu. Pali wa nkhwangwa, pali wa penti, ndipo pali wosamalira.

Wa nkhwangwa amaona utomoni nagamula kuti mtengo watha. Nthawi zambiri chigamulocho sichichokera m'kuyang'anitsitsa, koma m'kuwerengera matumba a makala. Mtengo umene agogo adabzala, umene udaphimba maliro ndi maukwati a banja, umene mango ake amatonthoza ana m'miyezi ya njala chimanga chisanache, umalowa mu uvuni masiku owerengeka, ndipo ndalama yake imatha mwezi usanathe. Imam Malik adalemba mu Al-Muwatta kuti Khalifa Abu Bakr (R.A.), potumiza ankhondo ku Sham, adalamula mtsogoleri wawo Yazid ibn Abi Sufyan kuti asadule mtengo wobala zipatso. Ngati msilikali m'dziko la adani adaletsedwa, nanga mwini bwalo pa nthawi ya mtendere?

Ndikudziwa yankho limene lili m'mitima ya ena mwa inu: denga lapita, chimanga chagona m'matope, ana akufuna chakudya lero, ndipo inu a Shehe mukutiuza za mtengo. Yankho limeneli nlolemera, ndipo Chisilamu sichinyoza njala ya munthu. Moyo wa mwana uli patsogolo pa mtengo uliwonse. Koma tasiyanitsani. Nthambi zimene mphepo yagwetsa ndi rizq yanu: zisandutseni nkhuni, milimo ya denga, ngakhale makala. Mtengo umene wazuka nugona pansi ngwanu. Koma umene waimabe, mizu yake ili m'nthaka, uli amana m'manja mwanu, ndipo eni ake ena sadabadwe. Woudula wadya lero chakudya cha zaka makumi awiri zikubwerazo, ndipo wachotsa chotchinga chimene chikadafooketsa mphepo ya chaka chamawa isanafike pa denga latsopano.

Ilipo nthawi imene kudula kuli koyenera, mwinanso kokakamizidwa. Ngati thunthu lang'ambika pakati kutsika mpaka pansi. Ngati mtengo waukulu wapendekeka mizu yake itatukula nthaka. Ngati nthambi zoposa theka zapita. Makamaka ngati waweramira nyumba ya mnansi, njira ya ana asukulu kapena mawaya a magetsi, pamenepo kuusunga sichifundo. Lamulo lodziwika la Shariya nlakuti Msilamu asadzetse vuto kwa wina ndipo vuto lichotsedwe. Imam Muslim adalandira kuchokera kwa Abu Huraira (R.A.) nkhani ya munthu amene adalowa ku Janna chifukwa chodula mtengo umene unkavutitsa anthu panjira. Tsono nkhwangwa imodzimodziyo ikhoza kulemba tchimo kapena thawabu. Chosiyanitsa ndi chifukwa chake: kodi mukudula pochotsa choopsa, kapena chifukwa chosafuna kudikira?

Wachiwiri ndi wa penti. Uyu ali ndi mtima wabwino koma alibe kudziwa. Akaona bala amathamangira kulipaka penti, phula kapena oyilo wakuda wa galimoto. Wina amathira simenti m'phanga, wina amakulunga ndi pulasitiki. Akatero amapuma, pakuti bala silikuonekanso. Koma akatswiri a mitengo adapeza kuti zopakazo sizithandiza kupola. Zimatsekera chinyezi m'kati, kuola kumapitirira mumdima, ndipo zina zimawotcha khungwa lanthete limene likadatseka balalo. Pentiyo amatonthoza maso a mwini mtengo. Mtengowo suona phindu lake. Patapita zaka, tsiku lopanda ngakhale mphepo, nthambi imagwa, ndipo anthu amadabwa kuona m'kati muli fumbi lokhalokha ndi chiswe.

Wachitatu ndi wosamalira, ndipo ntchito yake ili ndi dongosolo. Poyamba amayang'ana kumwamba asanaime pansi pa mtengo, pakuti nthambi yolendewera yapha anthu mkuntho utapita kale. Ndipo pamene pali mawaya a magetsi sakhudza, amaitana eni ntchito. Kenaka amachotsa nthambi yothyoka ndi sowo wakuthwa ndi woyera, amene kuno timati serote, osati kukhapakhapa ndi chikwanje. Nthambi yolemera amayamba kuicheka chapansi, patali pang'ono ndi thunthu, kenaka chapamwamba, kuti pogwa isasende khungwa la thunthu. Pomaliza amadula chitsa chotsalacho kunja pang'ono kwa kakhosi kotupa kamene kali pamene nthambi imakumana ndi thunthu. Sasiya chitsa chachitali, chifukwa chimaola ndi kulowetsa matenda. Sadulanso mopalira thunthu, chifukwa kakhosi kameneko ndiko kamene kadzatseke bala. Khungwa losendeka amalidula bwino m'mphepete ndi mpeni kufikira pamene lagwira. Utomoni amausiya ugwire ntchito yake, ndipo bala amalisiya lipitidwe mphepo.

Wosamalira sachotsa nthambi zamoyo pofuna kuti mtengo uoneke bwino, pakuti tsamba lililonse lotsala ndilo khitchini ya mtengo wodwalawo. Kamtengo kakang'ono kopendekeka amakadzutsa nthaka ikadali yonyowa, nakwirira mizu, nakachirikiza ndi mphanda, pomanga ndi nsalu kapena mphira wa chubu, osati waya. Ndipo pakatha chaka amamasula, kuti chingwe chothandiza chisasanduke chopotola. Amaphimbira nthaka ndi udzu osaugunditsa ku thunthu, amathirira m'chilimwe, amatchinga mbuzi ndi moto wolusa. Akatero amadikira. Chigamulo sachipereka sabata ya mkuntho, amachipereka mvula ina ikagwa, ataona ngati mphukira zatuluka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa kudikirako amakhala maso. Utomoni woyera, wouma pang'onopang'ono, ndi chizindikiro chabwino. Koma madzi akuda, onunkha ngati zosasa, otuluka miyezi ndi miyezi, pamodzi ndi timabowo ta mbozi ndi bowa womera pathunthu, akunena kuti kuola kwalowa m'kati. Pamenepo afunse alangizi a zaulimi, ndipo ngati mtengowo wasanduka choopsa, audule mtima uli m'malo, pakuti udindo wake adaukwaniritsa.

Inu okhulupirira, taonani mmene ntchito imeneyi yasonkhanitsira zinthu zimene ife timakonda kuzilekanitsa. Muli mpeni, ndipo muli chifundo. Muli kuchitapo kanthu, ndipo muli kudziletsa. Chifundo chopanda kudziwa chimapaka penti. Kudziwa kopanda chifundo kumanola nkhwangwa. Chimene Allah akufuna kwa khalifa Wake padziko ndi ihsan, kuchita chinthu mwaluso ndi mwaubwino, ndipo Mtumiki (S.A.W.) adatiphunzitsa kuti Allah adalamula ihsan pa chinthu chilichonse, ngakhale pozinga nyama.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ngokhululuka, ngwachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah pa ubwino Wake, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, Mtumiki (S.A.W.) mwini wake ankafanizira munthu ndi chomera. Mu Sahih ziwiri muli hadith imene adafanizira wokhulupirira ndi mmera wanthete umene mphepo imauweramitsa uku ndi uku koma umadzukanso, ndipo wachiphamaso adamufanizira ndi mtengo wouma gwa umene suwerama mpaka tsiku limene udzazulidwe kamodzi. Choncho sitikuchoka pa nkhani yathu tikanena kuti mkuntho umavulazanso anthu, ndipo anthu ovulala nawonso amatuluka utomoni.

Ali pakati pathu. Mayi wamasiye amene khoma lidagwera mwamuna wake, ndipo lero mawu ake ngowawa. Bambo amene katundu wake yense adapita ndi madzi, ndipo lero saonekanso pa Jumu'ah chifukwa cha manyazi a ngongole. Mnyamata amene adapita kukafuna ntchito kumigodi nabwerako ndi botolo. Mabanja amene adathawa nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene idayamba mu 2017, nafika pakati pa anthu osadziwa chilankhulo chawo. Aliyense amene adathyolapo mango osapsa akudziwa kuti utomoni wake umawotcha khungu. Momwemonso misozi, mkwiyo ndi madandaulo a munthu wovulala zimawotcha amene wamuyandikira. Koma wodandaula akadali ndi chiyembekezo choti wina amva. Woopsa ndi amene wauma, amene sakuliranso.

Kwa anthu otere nafenso timabwera ndi nkhwangwa. Timati uyu watayika, tisamupatsenso salamu, asatiyandikire. Imam Bukhari adalandira kuchokera kwa Umar (R.A.) nkhani ya munthu wina wotchedwa Abdullah, amene ankabweretsedwa kwa Mtumiki kawirikawiri chifukwa cha mowa, nalangidwa. Tsiku lina mmodzi mwa anthu adamutemberera chifukwa cha kubwerezabwereza kwakeko. Mtumiki (S.A.W.) adaletsa temberero limenelo, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Chilango chidaperekedwa, nthambi yothyoka idadulidwa, koma thunthu adalisiya chiimire, pakuti Mtumiki adaona moyo m'menemo.

Timabweranso ndi penti, ndipo apa mpofunika kumvetsetsa. Chisilamu chimatilamula kubisa zolakwa za m'bale wathu, kutanthauza kusazifalitsa m'misika ndi m'matelefoni. Koma sichitilamula kukwirira chisalungamo. Mkazi akamenyedwa, akuluakulu n'kumuuza kuti apirire banja lisachite manyazi, popanda womudzudzula mwamunayo, ameneyo ndi penti. Chuma cha ana amasiye chikadyedwa ndi achibale, mudzi n'kukhala chete pofuna mtendere, ameneyo ndi penti. Thandizo la ovutika ndi namondwe likathera m'nyumba za olemba mayina, ife n'kumangoti Allah akudziwa, ameneyo ndi penti. Kunja kumaoneka kosalala, m'kati chiswe chikudya, ndipo tsiku lakugwa amaphwanyika ndi ana amene adakhala pamthunzipo.

Njira ya Mtumiki ikuoneka pa nkhani ya Ka'b ibn Malik (R.A.), amene adatsalira pa ulendo wa ku Tabuk m'chaka cha 9 cha Hijra popanda chifukwa. Ena adabwera ndi zifukwa zopeka, nadzipaka penti. Ka'b adanena zoona, bala lake lidakhala poyera. Iye ndi anzake awiri adasalidwa masiku 50, ndipo kudali kudula kowawa. Koma kudali ndi malire, ndipo cholinga chake chidali kuchiza. Allah atavumbulutsa kulandiridwa kwa kulapa kwawo, monga zilili mu Surat At-Tawba ndime 118, Maswahaba adathamanga kukamuuza nkhani yabwino, ndipo nkhope ya Mtumiki idawala ndi chimwemwe. Ka'b adakhala moyo wake wonse akusimba nkhaniyi. Chipsera chidatsala m'kati, koma pamwamba pake padamera kunena zoona kwa moyo wonse.

Pali malo amodzi pamene fanizoli likuthera, ndipo tisapalumphe. Mtengo ukaola tili ndi chilolezo chougamula kuti watha. Pa munthu chilolezo chimenecho tilibe. Tikhoza kumutalikitsa woononga kwa amene akuwaononga, tikhoza kumutengera ku bwalo la milandu, ndipo nthawi zina tiyenera kutero. Koma kunena kuti uyu Allah sangamukhululukire, kumeneko n'kulowerera ufumu umene suli wathu, pakuti khomo la kulapa nlotsekula mpaka mzimu utafika pakhosi.

Tsono pochoka pano, aliyense achite zinthu zitatu. Akayendere mitengo ya pabwalo pake, ya kumunda, ya pamzikiti ndi ya kumanda, aione bwino asanaitane wa makala. Amene wakakamizika kudula, abzale ina mvula isanathe, ndipo aisamale mpaka italimba. Imam Bukhari ndi Imam Muslim adalandira kuchokera kwa Anas (R.A.) kuti chilichonse chimene munthu, mbalame kapena nyama idya pa mtengo umene Msilamu adabzala chimalembedwa kwa iye ngati sadaka, ndipo Imam Ahmad adalandira kuti ngakhale Qiyama itafika mbande ili m'manja, woitha kuibzala aibzale. Amene walamulidwa kubzala pa tsiku lopanda mawa sangakhale ndi chifukwa chotayira mtengo umene ukungofuna chaka chimodzi. Chachitatu, aliyense akumbukire munthu mmodzi amene adasowa pa safu kuyambira tsiku la tsoka lake, apite akamuone sabata ino, osanyamula nkhwangwa kapena penti. Akakhale naye pansi, amve, anene zoona mofatsa, ndipo abwerenso sabata inayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

E Allah, dalitsani ndi kupereka mtendere kwa Mtumiki Wanu Muhammad, akubanja lake ndi Maswahaba ake onse. E Allah, khululukirani Asilamu aamuna ndi aakazi, amoyo ndi akufa. Chitirani chisoni amene adatisiya m'madzi osefukira ndi pansi pa makoma, ndipo tonthozani amene adatsala. E Allah, tipatseni ubwino wa mphepo ndi mvula, ndipo titetezeni ku zoipa zake. Dalitsani minda yathu, mitengo yathu ndi ziweto zathu. Bwezeretsani mtendere ku Cabo Delgado ndi m'dziko lathu lonse la Mozambique. E Allah, ife tonse ndife ovulala ndi machimo athu. Musatidule tisanalape, ndipo tipatseni mitima yochitira ena monga tikufunira kuti Inu mutichitire. Amin.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah ndipo muthokozeni pa mtendere Wake. Imirirani tiswali.